Mbaula Yopanda Utsi ndi Mwana Wosalira

Mwana wanga akutha ndikumuona, ndipo Loweruka likubwerali anthu akufuna kutitsekera m'nyumba, ine ndi iyeyo, kuti amufukize mankhwala. Ndikuopa kuti akagona tsiku limenelo sadzadzukanso.

Aphungu,

Pepani ndayamba ndi mavuto ndisanakupatseni moni. Muli bwanji? Ine sindili bwino ayi. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye mukapeza polakwika mungomva zimene mtima ukunena. Kalatayi ndikulembera pa kauntala ya golosale ya Mayi Shakila pano pa Nsaru. Iwowa ndi amene amandisungira nyuzi zakale momwe ndinaona kuti mumathandiza anthu, ndipo ati aijambula pa foni yawo n'kukutumizirani pompano.

Ine kwathu ndi ku Nambuma. Amuna anga, a Hudson, kwawo ndi ku Phalombe, anabwera kuno kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Nsaru. Tili ndi mwana mmodzi, Yankho, wa miyezi inayi. Mimba yoyamba ndinapita padera, ndiye mumvetse kuti uyu ndi diso langa limodzi. Nyumba imene tinapatsidwa pa esiteti ndi ya chipinda chimodzi, yofolera ndi udzu, khitchini palibe. Kale ndinkaphika panja pa mafuwa ngati wina aliyense.

M'mwezi wa Meyi kunabwera anthu a bungwe lina pa bwalo la sukulu, lole yodzaza ndi mbaula zadothi. Anati boma ndi bungwelo alipirako mbali yaikulu, ife tingoonjezera pang'ono, cholinga choti tisamalize mitengo. Anaphika nyemba tikuona, ndi tinkhuni tochepa toti pa mafuwa sitingawiritse n'komwe madzi a tiyi. Bambo amene anagwira chimkuzamawu ankakuwa kuti, "Amayi, tsanzikanani ndi utsi! Iyi ilibe utsi, za maso ofiira zatha!" Tinaomba m'manja, ena mpaka nthungululu. Mbaula iliyonse inali ndi nambala m'mbali mwake. Anandijambula nditaima ndi yanga, n'kunena kuti azibwera kudzaona ngati tikuigwiritsa ntchito.

Kunena zoona, mbaulayo ndi yabwino. Mtolo wa nkhuni umene unkatha msanga tsopano umakhalitsa, ndipo ndi mwana kumsana sindiyendanso mtunda kukatola. Koma nditafika nayo kunyumba, abambo a Yankho anaizungulira, n'kuloza nambala ija. Anati, "Amake mwana, ichi n'chinthu cha boma. Chikasweka kaya chikabedwa, wokayankha ndine, ndipo ine kuno ndine mlendo, ndilibe mbale woti n'kudzandiombola. Ukufuna ndikagone ku Maula chifukwa cha dothi?" Ndinaseka, koma pasanapite nthawi ya anzathu oyandikana nafe inabedwa pakhonde, ina mbuzi inaigwetsa n'kung'aluka. Basi, mbaula yathu inalowa m'nyumba, ndipo sinatulukenso.

Kenaka kunabwera chisanu cha Juni. Mukudziwa mphepo ya kuno fodya akachoka m'minda, palibe choitchinga, imalowa mpaka m'mafupa. Yankho ankadzuka timanja tili zii, akulira. Bambo ake zinawakhudza. Anakatenga mapulasitiki akale a pa chigafa n'kuyala kunsi kwa denga lonse. Mpata wa pakati pa khoma ndi denga anatsekamo ziguduli. Kawindo kathu kamodzi anakhomapo katoni, kunsi kwa chitseko n'kuikako thumba. Anagwira ntchitoyo akuimba mluzu, atamaliza anamunyamula mwana n'kumuuza kuti, "Achimwene, bambo anu ndi tenanti, koma inu muzigona ngati mwana wa bwana." Popeza nkhuni zimafukabe pang'ono, anayamba kugula makala, akuti amenewo ndiye alibiretu utsi. Tikatha kudya madzulo timaonjezera makala pa mbaula, tikatseka chitseko m'nyumba mumafunda bwinobwino mpaka m'mawa. Phala la m'mawa ndimaphikanso chitsekere, kuti kutentha kusathawe.

Yankho analeka kulira. Poyamba ndinkanyadira, ndinkauza anzanga pa mjigo kuti wanga amagona ngati munthu wamkulu. Koma Aphungu, si tulo tabwino ayi. M'mawa ndimachita kumugwedeza kuti adzuke. Khosi limakhala lendelende, maso akuyang'ana koma ngati sakundiona. Ndikamupatsa bere amangoligwira ndi milomo n'kulisiya, akayamwako amasanza. Thupi silitentha, chifuwa alibe. Ndikamubereka kupita naye ku mjigo kapena kosankha fodya, dzuwa likamafika pamutu amayamba kutakasuka, madzulo ali bwino. Mawa lake zomwezo. Inenso ndimadzuka mutu ukuphwanya, nseru, ndikaimirira dziko likuzungulira, moti ndinayamba kuopa kuti kapena ndaima mwana ali wakhanda. Bambo ake amagona cha kuchitseko, iwonso mutu umawawawa, koma amati ndi fungo la fodya.

Ndinapita naye kuchipatala chaching'ono cha kufupi kuno. Ndi mtunda ndithu wapansi, ndiye pomwe ndinkafika mwana anali akusekerera, akumenya miyendo. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Anesi anati, "Amayi, mwana wosangalala chonchi mukuti akudwala pati?" Ndinabwerera ndi manyazi.

Tinali ndi thadzi la anapiye limene linkagona m'dengu pafupi ndi mbaula, kuopa afisi ndi akuba. Tsiku lina m'mawa ndinavundukula dengu, anapiye onse ali gone, afa. Thadzi lili dzandidzandi ngati laledzera. Si chitopa, nkhuku za anzathu zonse zili bwino.

Pa esiteti pano pali Mayi Ezeliya, mayi wamkulu amene tonse timathamangirako. Ndi amene anandiperekeza pokachira, anandisambitsira mwana mpaka mchombo kugwa, moti ndimawatenga ngati mayi anga. Ataona anapiye aja anagwira pakamwa, anati, "Zayambira ku nkhuku izi."

Kenaka kunagwa maliro a malume anga ku Nambuma, ndinakakhalako pafupifupi sabata. Nyumba ya mayi anga ndi yoboolekabooleka, mphepo imangodutsa, moto amasonkha kukhitchini kokha. Aphungu, kumeneko Yankho analira mpaka anthu kudandaula! Anayamwa mpaka mawere kundiwawa. Ine mutu sunandiwaweko ngakhale tsiku limodzi. Ndinabwerera ndikuthokoza Mulungu kuti wachira. Kungogona m'nyumba mwathu, m'mawa mwake khosi lendelende.

Apa Mayi Ezeliya anandiitanira kuseri kwa chigafa. Anati, "Mwana wanga, usandipusitse ine. Mwanayu munamutenga kale kumphasa?" Ndinati ayi, sitinatero, tikudikira. Anati, "Nanga amuna ako aja, pamene anapita ndi lole ya mabelo ku Kanengo, anagona kuti?" Ndinati anandiuza kuti anagona pamwamba pa mabelo, podikira mzere. Anaseka, anati, "Onse amagona pa mabelo, eti? Taona, mwana akakhala kutali ndi bambo ake akuchira, akabwera pafupi akufota. Ukufuna ndikuuze chiyaninso? Ili ndi tsempho. Bambo ake anayenda, abwera ndi moto, amudula mwanayu."

Nditawafunsa abambo a Yankho, anakhala pansi ngati ndawamenya ndi mpini. Anati, "Ine? Ndimakomoka ndi fodya chaka chonse chifukwa cha mwana ameneyu, ndiye ndimuphe ndekha? Ndikulumbira pa manda a mayi anga." Ine sindikudziwa kuti ndikhulupirire ndani. Munthuyu sanandinamizepo, koma mwana ndiye akuonetsa yekha. Tsopano Mayi Ezeliya anawaletsa kumunyamula. Akaweruka amakhala pakhonde, amangomusuzumira pakhomo. Tsiku lina ndinawapeza atagwira kachipewa kake akulira. Esiteti yonse ikudziwa, amayi akawaona amalavula.

Mayi Ezeliya ati mwana wosemphedwa safuna mphepo, ndiye andiletsa kutuluka naye. Kuyambira pamenepo amakhala m'nyumba usana wonse, mbaula ili chiyakire kuti asazizidwe, ndipo tsopano ngakhale madzulo satakasukanso. Dzulo sanayamwe mpaka dzuwa kupendeka. Mayi Ezeliya ati Loweruka abwera ndi mizu. Adzadzaza makala pa mbaula, adzathirapo mankhwala, adzatifunditsa bulangete ine ndi mwana, n'kutseka chitseko kunja mpaka titatuluka thukuta. Bambo ake avomera, mpaka agula kale makala ena. Ati, "Ndikakana anena kuti ndili ndi chobisa."

Lero ndanama kuti ndikukagula sopo, ndamubisa mwana m'nsalu n'kuthawira kuno. Panjira, titadutsa pa dambo, anatsegula maso n'kundikoka tsitsi. Pano ndikulemba ali kumsana, akulira, Mayi Shakila akuti ndimusiye alire. Koma ndiyenera kubwerera asanaweruke bambo ake, ndipo ndikuopa khomo langa lomwe.

Aphungu, kodi ndi tsemphodi? Kodi amuna anga andilakwira, ndiwasiye ndizipita kwathu? Ndikakana zofukizazo, mwana n'kumwalira, anthu adzati ndamupha ndine. Ndikavomera, mtima wanga ukukana, kaya chifukwa chiyani. Ndilibe wina woti n'kumufunsa, mayi anga ali kutali ndipo alibe foni. Chonde musangondiyankha m'nyuzi, Loweruka silidikira nyuzi. Tumizani munthu, kaya dokotala kaya wina aliyense amene anthu a kuno angamumvere. Akafika pa Nsaru afunse golosale ya Mayi Shakila, amulozera njira. Abwere lero, chonde, ndagwira mwendo wanu.

M.K., Nsaru

Amake Yankho,

Tulutsani mbaulayo panja. Tsegulani chitseko. Zinazi muwerenge mutachita zimenezo.

Kalata yanu sinadikire tsiku la nyuzi. Nditangoiwerenga ndinaimbira Mayi Shakila, ndipo mayi ameneyu, Mulungu amudalitse, anatseka golosale dzuwa likanali n'kukwera njinga yamoto kukutsatani. Zimene ndinamutuma kuti akuuzeni ndikuzilembanso pano kuti muzisunge, komanso chifukwa mbaula imene inatsika pa lole ija si yanu yokha, ndipo chisanu cha chaka chino si cha nyumba yanu yokha.

Mwandifunsa ngati ndi tsempho. Ku Kanengo kuja ine kunalibe, ndipo za miyambo sindilimbana ndi Mayi Ezeliya. Koma ndili ndi funso limodzi loti mukawafunse mwaulemu: anapiye aja anasemphedwa ndi ndani? Nanga mutu wanu, nanga wa bambo ake? Chinthu chimene chikudwalitsa mayi, bambo, mwana ndi nkhuku nthawi imodzi, n'kuwasiya akatuluka panja, chili m'nyumbamo, ndipo mwachitchula nokha m'kalata yanu.

Makala akamayaka m'nyumba yotsekedwa amatulutsa mpweya wapoizoni. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa, n'chifukwa chake ndi woopsa kuposa utsi. Utsi umakuthamangitsa wekha kukatsegula chitseko, koma uwu umakugoneka. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, munthu amamva mutu, nseru, chizungulire, kenaka tulo, ndipo ena sadzukanso. Zamoyo zing'onozing'ono ndi zimene zimayamba kugonja. Anapiye anatsogola. Wamng'ono wotsatira m'nyumba mwanu mukumudziwa. Ku Nambuma Yankho sanachire chifukwa chotalikirana ndi bambo ake, anachira chifukwa nyumba ya mayi anu ndi yoboolekabooleka. Mtima wanu umene ukukana zofukiza uja ukunena zoona, ndipo mwachita bwino kuthawa naye tsiku lija. Musadziimbe mlandu. Munauzidwa kuti mbaulayo ilibe utsi, palibe anakuuzani kuti kusowa utsi si kusowa poizoni.

Ndiye mverani. Za Loweruka zija zisachitike, ngakhale atakunenani chotani. Makala odzaza mbaula, bulangete pamutu, chitseko chotseka kunja, mwana wofooka kale: pamenepo mukhoza kufera momwemo nonse awiri. Ngati mukuona kuti simungathe kukana muli pa esiteti, tsikulo likupezeni kuchipatala kapena ku Nambuma.

Ngati ulendo wa kuchipatala umene ndinagwirizana ndi Mayi Shakila pa foni sunachitike, nyamukani lero, ngakhale mwana akuoneka kuti watakasuka. Pitani kuchipatala cha Kabudula, kapena kulikonse kumene mungafike msanga. Ulendo uno musadikire kuti akufunseni. Nenani nokha kuti, "Timagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, mwana amadzuka wofooka, amasanza, sayamwa, nkhuku zinafa." Mawu amenewo ndi amene anasowa ulendo woyamba uja. Ine si dokotala ndipo mwanayo sindinamuone, choncho amuyeze zonse, magazi ndi chifuwa chomwe, pangakhale china chobisala. Inu ndi bambo ake akuoneninso. Mwana akadzakana bere, akadzavuta kudzutsa, kapena akadzayamba kupuma modabwitsa, musadikire kuti kuche kapena kuti wina akuloleni.

Mbaulayo musaitaye. Yakupulumutsani ku mitolo ya nkhuni ndipo boma silinalakwe kukuthandizani kuigula. Koma ndi chophikira, si bulangete. A Hudson amadziwa kumanga chigafa, kachisakasa ka khitchini kopanda makoma onse sikangawatengere tsiku. Muziphikira mmenemo. Mukatha kuphika, khuthulani makala ndi phulusa panja, muzimitse, mbaula izizire mpaka mutha kuigwira ndi dzanja, ndiyeno muilowetse m'nyumba. Wakuba saipeza, mbuzi siigwetsa, mwana sapuma poizoni. Moto wamtundu uliwonse, makala kaya nkhuni kaya zitsononkho, usagone m'chipinda chogona anthu.

Za nambala ija. Malamulo onse a bungwe limene linabwera kwanuko sindikuwadziwa, koma nambala zotere kawirikawiri zimakhala zoti adziwe kuti mbaula zinafika kwa ndani ndipo zikugwira ntchito. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuyankha makalata sindinamvepo munthu atamangidwa chifukwa mbaula yadothi yang'aluka. Akadzabwera kudzaona, afunseni maso ndi maso bambo ake alipo, kuti mantha a ku Maula athe. Muwauzenso zimene zakuchitikirani, kuti akamakuwa pa chimkuzamawu kuti ilibe utsi azimaliza mawuwo: isayake m'nyumba yotseka. Uzaninso alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ayendere nyumba za pa esitetipo. Ndikukayika ngati ndinu nokha amene mukudzuka ndi mutu.

Chisanu chilipobe, ndikudziwa. Mwana mumuveke chipewa ndi masokosi, mumufunditse koma nkhope ikhale poyera, ndipo masana mukamuona wazizidwa mumuike pachifuwa panu, khungu kukhudza khungu, nsalu pamwamba. Thupi la mayi ndi mbaula imene sinaphepo mwana ndi mpweya.

Mayi Ezeliya musawanyoze. Munthu amene anakusambitsirani mwana mpaka mchombo kugwa sakufuna maliro. Anaona bwino kuti mwana amachira akachoka pakhomo, anangolakwitsa chifukwa chake. Apempheni akuperekezeni kuchipatala akadzimvere okha. Akamvetsa iwowo, esiteti yonse yamvetsa, ndipo pakamwa pomwe panafalitsa za tsempho ndi pomwe pangayeretse dzina la amuna anu.

Ukwati musathetse pa nkhani iyi. Bambo amene anayala mapulasitiki akuimba mluzu kuti mwana wake agone ngati wa bwana analakwitsa chifukwa cha chikondi, ndipo walangidwa kale mokwanira pakhonde paja. Muwerengereni yankho ili. Ziguduli zija azichotse yekha ndi manja ake, katoni ya pawindo aikhomole, mpweya uziyenda pansi pa denga. Akatha, mumupatse mwana wake amunyamule, anthu akuona.

Mayi Shakila anandiimbiranso ali pakhomo panu, chitseko chili pululu, kuti andiuze kuti wakupezani. Sindinamve bwino zonse zimene ankanena, chifukwa kumbuyo kwake kunali kamunthu kakukuwa ngati kalumidwa ndi linthumbu. Anapepesa chifukwa cha phokosolo. Ndinamuuza kuti asapepese.

Chenjezo langa ndi limenelo, amake Yankho, kwa inu ndi kwa mayi aliyense amene watseka mipata chaka chino. Mwana wozizidwa amalira, mumadzuka n'kumufunditsa. Amene muyenera kumuopa ndi uja wagona phee m'nyumba yofunda bwino, moto uli ngee pakona.

Aphungu